Kulongedza njinga yokwera nayo ndege pa bwalo la Chingozi ku Tete

Musanagwire sipanala, imbani foni ku kampani ya ndege. Kaya ndi LAM yopita ku Maputo kapena Airlink ya ku Johannesburg, auzeni kuti muli ndi njinga, muwatchulire kukula kwa katoni ndi kulemera kwake. Ndege zina zotera ku Tete ndi zazing'ono, katoni yaikulu siingolowa mwachisawawa. Makampani ambiri amalola makilogalamu 23 pa katundu mmodzi, ndipo wopitirira 32 salandira. Njinga zachitsulo zija zonyamulira kachewere ku Angónia zimayandikira makilogalamu 20 pazokha, ndiye keliyala ndi sitandi zisiyeni kunyumba.

Pezani katoni yomwe munabwera njinga yatsopano. Ogulitsa njinga amakhala nazo. Imatalika pafupifupi masentimita 140. Ngati pansi pake pananyowapo, musaitenge.

Yambani ndi mapedulo, pakuti apa ndi pomwe ambiri amathera mphamvu pachabe. Mufunika sipanala ya 15. Pedulo yakumanzere ili ndi mazinga otembenuza, moti mukamamasula monga nati wamba mukungoimangitsa. Imikani sipanala choloza kumwamba, muikankhire cha ku tayala lakumbuyo; mbali zonse ziwiri zimamasuka motero. Yesani kudakali masiku awiri kapena atatu, chifukwa pedulo yogwira dzimbiri imafuna kuthiridwa oyilo n'kugona.

Zungulizani tepi pa chitsulo cha chishalo, pomwe chalowera mu felemu, kenako muchizule. Mukafika simudzavutika kupeza msinkhu wanu. Mahandulo achotseni, muwamangirire chogoneka m'mbali mwa felemu, koma mawaya a mabuleki asapindike.

Tayala lakutsogolo lichoke. Foloko yopanda tayala ndi yofooka: masutikesi akaunjikidwa pamwamba, miyendo yake imapanana ndipo tayala sililowanso. Dulani kamtengo ka masentimita 10, mukalowetse pakati pa miyendoyo, mukamange zolimba. Kunsonga kulungani chiguduli, apo ayi foloko iboola katoni n'kutulukira pansi. Ngati mabuleki ndi a disiki oyendera mafuta, ikani kachidutswa ka katoni pakati pa mapadi. Wina akangofinya buleki tayala palibe, amatsekana.

Pa njinga yamagiya, chosinthira tcheni cha kumbuyo ndicho chimapindika msanga. Chimasuleni, muchikulunge munsanza, muchimangirire mkati mwa felemu. Bawuti yake ndi imodzi yokha.

Matayala musawaphwetseretu. Chepetsaniko mpweya, wotsalawo uteteza limu.

Chomwe chimawononga njinga kwambiri ndi kugwedera kwa zinthu mkatimo, ndipo kumayambira pamsewu, katoni ili pamwamba pa galimoto kuchokera ku Ulóngwe kapena Furancungo. Paliponse pomwe chitsulo chikhudza chinzake ikanipo katoni, mumange ndi mphira za chubu chakale. Manati ndi mapedulo alowe m'kajumbo komata pa felemu. Akangotayika mkati amatulukira pa mabowo onyamulira. Mukatseka, igwedezeni. Mukamva gobede-gobede, tsegulaninso.

Batire la njinga yamagetsi nthawi zambiri limapitirira 160 Wh (muyeso wa mphamvu ya batire), ndipo lotere silikwera ndege ya anthu.

Jambulani njinga musanatseke, lembani dzina ndi nambala ya foni mbali zonse za katoni, ndipo tepi yotsala muitenge. Achitetezo pabwalo akhoza kunena kuti mutsegule aone.