Momwe mungachotsere mpweya m'mabuleki a galimoto ya ABS pakhomo panu

Pedulo ya buleki ikayamba kufewa, ikumamira kaye galimoto isanagwire, kapena ikumafuna kuti muipope kawiri katatu kuti ilimbe, kawirikawiri ndiye kuti m'mapaipi mwalowa mpweya kapena mafuta a mabuleki akalamba. Mafutawa safinyika, n'chifukwa chake mphamvu ya phazi lanu imafika kumawilo yonse yathunthu. Mpweya umafinyika, ndiye mukaponda, mphamvu ija imathera pofinya mpweyawo.

Galimoto zambiri zochokera ku Japan zomwe zadzaza m'misewu yathu, monga Vitz, Passo, Sienta, Demio ndi Note, zili ndi ABS (makina oletsa mawilo kumangika mukaponda buleki mwamphamvu), ndipo anthu ambiri amaopa kukhudza mabuleki ake. Manthawo ndi oyenera pa chinthu chimodzi chokha. Pakati pa master cylinder (pampu yomwe pedulo imakankha kuti itumize mafuta kumawilo) ndi mawilo pali kabokosi ka ABS, kachitsulo kokhala ndi mapaipi angapo, kamota ndi mavavu ang'onoang'ono. Ngati mpweya uli m'mapaipi ndi kumawilo basi, mubulida (kutulutsa mpweyawo) ngati galimoto ina iliyonse. Koma mpweya ukalowa m'kabokosi kameneka umakabisala kuseri kwa mavavu otseka, ndipo kuti utuluke pamafunika makina a diagnostic oti atsegule mavavuwo ndi kuyendetsa kamota. Njira yomwe mpweya umalowera kumeneko anthu akamabulida pakhomo ndi imodzi: kathanki ka mafuta a mabuleki kamauma iwo ali kalikiliki kuwilo. Ntchito yonseyi yagona pa kathanki kameneka.

Galimoto zina musaziyambe n'komwe. Za hybrid monga Prius ndi Aqua mabuleki ake amayendetsedwa ndi kompyuta ndi pampu yamagetsi, ndipo zimafuna makina. Ma Land Cruiser, Prado ndi Pajero ena ali ndi booster (chipangizo chowonjezera mphamvu ya phazi lanu pa buleki) yamagetsi yomwe imasunga mafuta pa mphamvu yaikulu ngakhale injini itazima, ndipo zili ndi ndondomeko yakeyake. Chimodzimodzi ngati mwasintha master cylinder kapena kabokosi ka ABS, kapena paipi inaphulika mafuta n'kutheratu: pitani kwa makaniko yemwe ali ndi makina.

Yambani ndi kugula mafuta oyenera. Pachivindikiro cha kathanki palembedwa DOT 3 kapena DOT 4, gulani omwewo. DOT 5.1 amagwirizana ndi awiriwa, koma DOT 5 ndi a silicone, sasakanikirana ndi enawo ndipo sayenera kulowa m'galimoto ya ABS. Lita imodzi imakwana galimoto yaing'ono. Botolo likhale lomata, losatsegulidwapo. Mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo apa m'pamene pali ngozi yomwe ambiri saiona. DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205 a Celsius, koma akayamwa madzi muyezo wake umatsika kufika 140. DOT 4 amachoka pa 230 kufika 155. Mukamatsika Chiweta, Khwekhwerere kapena chitunda cha ku Chikwawa phazi lili pa buleki, mawilo amatentha kwambiri, mafuta onyowa aja amawira n'kupanga nthunzi, ndipo pedulo imangopita pansi galimoto ikuthamanga. Ine ndimaona kuti mafuta otsala m'botolo lomwe lakhala pawindo chaka chonse ndi oyenera kutaya basi, ndipo kusintha mafuta onse pakatha zaka ziwiri, monga opanga galimoto ambiri amanenera, ndi ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe imateteza.

Zina zofunika ndi jeki, masitandi ochirikiza galimoto, sipanala yozungulira ya 8 kapena 10 malinga ndi nipple (kabawuti kabowo kotulutsira mafuta pa buleki ya wilo lililonse) ya galimoto yanu, kapaipi ka pulasitiki koonekera mkati kokwana bwino pa nipple, botolo loyera, jekeseni wamkulu wopanda singano, sanza, ndi munthu mmodzi woti akhale pa pedulo.

Imikani galimoto pamalo osalala ndi olimba, ikani miyala kumawilo, zimitsani injini ndipo kiyi muchotse. Kwezani galimoto n'kuikhazika pa masitandi. Jeki yokha musaikhulupirire, ndipo njerwa zimaphwanyika mwadzidzidzi. Pukutani kathanki musanatsegule kuti fumbi lisagwere mkati. Kokani mafuta akale ndi jekeseni uja, koma musiye pang'ono pansi kuti timabowo tisaonekere, kenako thirani atsopano mpaka pa mzere wa MAX. Dontho likagwera pa penti tsukani ndi madzi nthawi yomweyo, chifukwa mafutawa amadya penti.

Pansi pa pedulo ikani kathabwa kapena kamtengo kokhuthala ngati zala ziwiri. Pa galimoto yakale, mkati mwa master cylinder mumakhala dzimbiri ndi litsiro kumapeto komwe pisitoni safikako masiku onse. Wothandiza akaponda mpaka pansi penipeni, malabala amkati amakadutsa pa dzimbiri limenelo n'kung'ambika, ndiye mwayamba ndi vuto la mpweya n'kumalizira kugula master cylinder.

Nanga muyambe wilo liti? Lamulo lodziwika ndi loti muyambe kutali ndi master cylinder. Galimoto zathu chiwongolero chili kumanja, choncho mumayamba kumbuyo kumanzere, kenako kumbuyo kumanja, kutsogolo kumanzere, n'kumalizira kutsogolo kumanja. Koma si galimoto zonse, ma Honda ambiri amayambira kutsogolo. Ngati buku la galimoto yanu likunena zina, tsatirani bukulo.

Mukachotsa tayala, pezani nipple kuseri kwa caliper (chitsulo chomwe chimapana disiki ya buleki) kapena kwa drum. Imakhala cha kumwamba, yovala kachipewa ka labala. Ipukuteni ndi bulashi, ndipo ngati yachita dzimbiri ithirireni mafuta ofewetsa dzimbiri n'kudikira pang'ono. Musaikakamize. Nipple ndi yabowo mkati, imathyoka mosavuta, ndipo ikathyokera mkati tsiku lanu lathera pomwepo. Lowetsani sipanala kaye, kenako kapaipi, mbali inayo ya kapaipi imire m'mafuta pang'ono omwe mwathira m'botolo.

Tsopano mverananani ndi wothandiza, ndipo mawu akhale ochepa. Inu muti, "Popani." Iye aponde pang'onopang'ono katatu kapena kanayi, osati mwaliwiro, chifukwa kupopa kwa phuma kumaswa mpweya kukhala tithovu tating'ono tovuta kutulutsa. Muti, "Gwirani," iye apondereze osasiya, ayankhe kuti, "Ndagwira." Tsegulani nipple pang'ono, gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira. Mafuta atuluka m'kapaipi, pedulo imira. Tsekani nipple pedulo isanafike pa kathabwa, ndipo mukatseka m'pamene muti, "Siyani." Akasiya inu musanatseke, mpweya ubwerera mkati kudzera pa nipple yomweyo.

Yang'anitsitsani kapaipi. Poyamba mutuluka mafuta akuda ngati tiyi wopanda mkaka, nthawi zina ndi thovu lalikulu lomwe limalavula. Kenako mtundu uyamba kuyera, tithovu tichepa, mpaka mudzaona mafuta oyera oyenda mosadukiza. Pamenepo wilo limenelo latha. Kumenya caliper pang'ono ndi chigwiriro cha sipanala kumathandiza kugwetsa tithovu tomwe tamatirira mkati.

Mukatsegula ndi kutseka kanayi kapena kasanu, imirirani mukaone kathanki. Musadikire kumaliza wilo. Kathanki ka galimoto yaing'ono kamatha msanga kuposa momwe mungaganizire, makamaka pa mawilo akumbuyo omwe mapaipi ake ndi aatali. Mafuta asatsike kupitirira mzere wa MIN. Ngati pali munthu wachitatu pakhomo, ntchito yake ikhale imeneyi yokha, kuima pa boneti ndi botolo m'manja.

Mangani nipple mokwanira popanda kuipotokola, bwezerani kachipewa kake, pitani ku wilo lotsatira. Mawilo onse anayi akatha, dzazani kathanki mpaka pa MAX, tsekani, ndipo pondani pedulo injini isanalize. Iyenera kulimba pamwamba. Pitirizani kuponda kwa theka la mphindi. Ikamatsika pang'onopang'ono, pali pomwe pakudontha kapena master cylinder yatha, ndipo kubulidanso sikuthandiza. Lizani injini, pedulo itsika pang'ono chifukwa cha booster, zimenezo n'zabwinobwino. Nyali ya ABS pa dashibodi iyake n'kuzima pakapita masekondi ochepa. Zungulirani galimoto muone ngati pa nipple iliyonse pali pouma.

Yesani galimoto pamalo opanda anthu, mwapang'onopang'ono kaye. Ikagwira bwino, pezani msewu wafumbi woongoka ndi wopanda magalimoto, muponde buleki mwamphamvu pa liwiro lochepa kuti ABS igwire ntchito. Mumva pedulo ikunjenjemera ndi phokoso kutsogolo, musachotse phazi. Izi zimasuntha mafuta akale omwe anatsalira m'kabokosi, ndipo pedulo ikafewa pambuyo pake, bwererani mukabulidenso mawilo onse anayi. Ikakhalabe yofewa mutabulida kachiwiri, mwina mpweya uli m'kabokosi, ndipo nyali ya ABS ikakana kuzima ndiye kuti ABS ili ndi vuto. Musanyamule anthu kapena kulowa nayo mumsewu waukulu, itanani makaniko abwere ndi makina ake pakhomopo.

Mafuta akale aja musawathire pansi kapena m'ngalande. Ndi poizoni kwa ana, agalu ndi nkhuku. Athireni m'botolo lotseka bwino, lembanipo, mukawasiye kugalaja komwe amasonkhanitsa mafuta otha ntchito.