Momwe mungasinthire kaonekedwe ka chikalata pa sikirini osasokoneza zomwe mwalemba

Anthu ambiri akaona kuti zilembo zikuoneka zing'onozing'ono pa kompyuta, amathamangira kusankha mawu onse n'kukulitsa font kuchoka pa 12 kufika pa 18 kapena 20. Maso amapumadi. Koma pa tsiku lopulinta, kalata ya masamba awiri imatuluka masamba anayi, tebulo litaduka pakati, malo osainira atathawira patsamba laokha. Chonsecho zilembozo zinalibe vuto. Chofunika kusintha chinali kaonekedwe ka pa sikirini basi, ndipo zimenezi zili ndi mabatani akeake omwe sakhudza mawu anu. Mu Microsoft Word ndi Excel ambiri mwa mabataniwa ali pansi pa View. Mu LibreOffice, pulogalamu ina yogwira ntchito zomwezi, namonso dzina ndi lomwelo.

Yambani ndi Zoom

Yang'anani pangodya ya m'munsi chakumanja. Pali kamzere kokhala ndi chizindikiro cha – mbali imodzi ndi + mbali inayo, ndipo pambali pake pali nambala, nthawi zambiri 100%. Mukakokera kabatani ka pakati kumanja, tsamba limayandikira. Mukakokera kumanzere, limatalikira. Zoom ili ngati mandala owerengera: pepala silinasinthe, inuyo ndi amene mukuona bwino. Word imalola kuyambira 10% mpaka 500%, pomwe Excel imalekeza pa 400%.

Njira yachidule ndi kugwira Ctrl kwinaku mukupukusa kagudumu ka mausi. Njira yomweyi ndi imenenso imasokoneza anthu, chifukwa chala chikatsamira pa Ctrl mosadziwa, chikalata chimangochepa mwadzidzidzi, munthu n'kuyamba kuganiza kuti fayilo yawonongeka. Siinawonongeke. Pitani pa View, dinani 100%, zibwerera.

Kwa amene mumalemba nthawi yaitali, ine ndimakonda Page Width, yomwe ili pomwepo pa View. Imatambasula tsamba kuti lidzaze sikirini kuchokera kumanzere mpaka kumanja, moti simuvutikanso kufufuza nambala yoyenera. One Page imaonetsa tsamba lonse lathunthu, ndipo Multiple Pages imandandalika masamba angapo nthawi imodzi. Ziwirizi n'zosathandiza polemba, koma n'zabwino mukafuna kuona ngati mutu wa nkhani watsala wokha pansi pa tsamba.

Ngati zomwe zachepa si chikalata chokha komanso mayina a mabatani, ndiye kuti Zoom siikuthandizani. Zimenezo mukakonze mu Windows momwe: Settings, kenako System, kenako Display, n'kukweza Scale kufika pa 125% kapena 150%.

Sankhani kaonekedwe koyenera ntchito yanu

Kumanzere kwa View, Word ili ndi mitundu isanu ya kaonekedwe. Print Layout ndi yomwe tonse tinazolowera, imaonetsa tsamba monga lidzatulukire mu pulinta. Read Mode ndi yowerengera. Imachotsa mabatani ambiri ndipo simungalembemo, choncho ngati kiyibodi ikuoneka ngati yafa, dinani Esc musanaitane wokonza. Web Layout imachotsa malire a masamba, mawu n'kumangoyenda mpaka m'mphepete mwa sikirini. Draft imabisa mawu a pamwamba ndi pansi pa tsamba pamodzi ndi zithunzi zina, ndiye imapepuka pa kompyuta yakale yomwe imachedwa kutsegula fayilo yaikulu. Outline imandandalika chikalata motsatira mitu yake ngati munaiika ndi Heading 1, Heading 2, masitayilo a mitu omwe ali pansi pa Home. Ngati munangoidetsa ndi Bold, Word siidziwa kuti ndi mitu.

Mukasokonekera osadziwa kuti muli pati, gwirani Ctrl ndi Alt n'kudina P. Mubwerera ku Print Layout.

Pali kanthu kena komwe kamazunguza ngakhale akatswiri. Mumatsegula chikalata, n'kupeza masamba agundana, danga la pamwamba palibe, dzina la kampani ndi nambala ya tsamba zasowa. Apa n'kuti wina anadina kawiri pa mpata wa pakati pa masamba awiri. Ikani mausi pa kamzere komwe kakulekanitsa masambawo, muona kachizindikiro kasanduka timivi tiwiri, dinaninso kawiri. Zonse zomwe zinasowa zionekanso, chifukwa zinangobisika, sizinafufutike.

Pezani malo, onani zobisika

Pa laputopu yaing'ono, mabatani a pamwamba aja, omwe anabwera ndi Office 2007 ndipo amatchedwa Ribbon, amadya malo ambiri. Ctrl ndi F1 imawapinda, kudinanso kumawabwezeretsa. Mu LibreOffice Writer, Ctrl, Shift ndi J imapereka sikirini yonse ku chikalata. Rula ikasowa, chongani pa Ruler pansi pa View. Ndipo ngati chikalata n'chachitali, chonganinso Navigation Pane kuti mitu yonse iime kumanzere, muzingodina womwe mukufuna m'malo mopukusa mausi mpaka dzanja kutopa.

Tsopano batani lomwe anthu amaliopa popanda chifukwa, lija lokhala ndi chizindikiro cha ¶ pansi pa Home. Mukalidina, timadontho timadzaza pakati pa mawu, timivi timaonekera pomwe munadina Tab, ndipo ¶ amaima kumapeto kwa ndime iliyonse. Zimaoneka zauve, inde, koma sizituluka pa pepala, ndipo ndi zimene zimaulula chomwe chalakwika. Tsamba lopanda kanthu lomwe limakakamira kumapeto kwa lipoti, mukayatsa batanili mupeza kuti kawirikawiri pali mndandanda wa ¶ wosonyeza kuti wina anadina Enter kambirimbiri. Fufutani zimenezo, tsambalo lichoka. Mu Word njira yachidule ndi Ctrl, Shift ndi 8. Mu LibreOffice ndi Ctrl ndi F10.

Mukafuna kuona mbali ziwiri za chikalata chimodzi, mwachitsanzo tebulo la patsamba 3 pomwe mukulemba za tebulolo patsamba 40, dinani Split. Sikirini igawika pakati, gawo lililonse liziyenda palokha. Zikakhala zikalata ziwiri zosiyana, tsegulani zonse n'kudina View Side by Side.

Mu Excel

Apa vuto lalikulu ndi loti mukatsika kufika pamzere wa 200, mitu ya pamwamba imakhala itapita, simudziwanso kuti nambala iyi ndi ya chiyani. Freeze Top Row, yomwe ili pa View pansi pa Freeze Panes, imaimitsa mzere womwe ukuoneka pamwamba penipeni, choncho kwerani kaye ku mzere woyamba musanaidine. Ngati mukufunanso kuti mayina a kumanzere asasunthe, dinani kabokosi ka B2 kaye, kenako Freeze Panes. Lamulo lake n'lakuti Excel imaimitsa zonse zomwe zili pamwamba ndi kumanzere kwa kabokosi komwe mwadina, ndiye mukadina pakati pa sikirini, gawo lalikulu la sikiriniyo liuma. Zikatero sankhani Unfreeze Panes muyambirenso. Dziwaninso kuti izi sizipangitsa mituyo kubwerezedwa pa tsamba lililonse populinta. Zimenezo ndi za Print Titles pansi pa Page Layout.

Page Break Preview imaonetsa mizere ya buluu pomwe masamba adzadukire. Kungoyang'ana kulibe vuto, koma mukakoka mzerewo mwasintha kapulintidwe ka fayilo yeniyeniyo.

Ziwiri zofunika kusamala nazo

Ngati kuwala kwa tsamba loyera kukukupwetekani maso usiku, musapite pa Design mu Word n'kusintha Page Color, chifukwa mtunduwo umalowa mu fayilo ndipo aliyense amene mudzamutumizire adzautsegula momwemo. Pitani pa File, Account, Office Theme, musankhe Black. Mu Microsoft 365 tsamba nalo limada, ndipo batani la Switch Modes pa View limaliyeretsanso mukafuna. Izi zimathera pa kompyuta yanu.

China ndi cha zikalata zomwe anthu angapo akhala akukonza ndi Track Changes, yomwe imasunga chilichonse chomwe munthu wasintha mu Word. Pansi pa Review mukasankha No Markup, mizere yofiira ndi ndemanga za m'mphepete zimachoka, chikalata n'kuoneka choyera. Koma zonse zikadalimo. Wolandira akangosankha All Markup, awerenga mawu omwe munafufuta ndi ndemanga zomwe mumauzana nokhanokha. Musanatumize, bwererani pa All Markup, dinani kamuvi ka pansi pa Accept n'kusankha Accept All Changes, kenako pa Delete musankhe Delete All Comments in Document. Mukatero sungani fayilo, dinani Ctrl ndi P, muyang'ane masamba onse pa chithunzi cha kumanja musanapulinte kapena kutumiza.