Mukufuna kukapalasa bwato pamtsinje ndi anzanu? Konzani chonchi

Ikangofika nyengo ya holide magulu a pa WhatsApp nkhani imakhala imodzimodzi, tiyeni kunyanja, ndipo kunyanjako ndi Mangochi kapena Salima, kukakhala pamchenga, kuwotcha kanyama, kujambulitsa, basi kubwerera. Sizolakwika ayi. Koma pali ulendo wina womwe ambiri sitiuganizira chonsecho mitsinje tili nayo pakhomo pompano, kutengana anthu 8 kapena 10 n'kukathera tsiku pamadzi, aliyense nkhafi m'manja. Ine ndakonzapo maulendo otere kangapo ndipo ndinene pompano kuti kupalasako sikovuta, mphindi 20 zokha mwayamba kale kuzolowera. Pomwe pagona nkhani ndi zomwe mwakonza muli pamtunda, komanso munthu amene mwamupatsa udindo wokutsogolerani.

Yambani ndi kusankha malo, osati kungoti "tikupita ku Shire" chifukwa Shire ndi wamtali, makilomita pafupifupi 400, ndipo khalidwe lake limasinthasintha. Akachoka m'nyanja ku Mangochi amalowa mu Malombe, n'kudutsa m'paki ya Liwonde mpaka pa baraji ya Kamuzu paja pali mlatho, kumeneku madzi amayenda mofatsa. Kumunsi kwa Matope ndi mathithi okhaokha, Nkula, Tedzani, Kapichira komwe a EGENCO amapangira magetsi, uko musayerekeze dala, olo David Livingstone mu 1859 sitima yake inathera pa Kapichira pomwepo, kwinako anapita wapansi. Mukatsikira ku Chikwawa madzi amadekhanso n'kumwazikira m'dambo la Elephant Marsh, lomwe mu 2017 linaikidwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika kwambiri padziko lonse. Kumeneko ndi kwa okonda mbalame, ndipo mumayenda pabwato logoba la asodzi, lija kuchigwako amati mwadiya. A chigawo chapakati muli ndi Bua m'nkhalango ya Nkhotakota, mtsinje womwe mpasa zimakwera kukaswana.

Maganizo anga, ngati gulu lanu ndi la anthu oti nkhafi sanaigwirepo, kayambeni kaye kunyanja. Ku Cape Maclear amabwereketsa makayaki, timabwato topepuka ta munthu m'modzi kapena awiri, mupalase m'mphepete m'mamawa madzi ali phee, muone amene amanjenjemera ndi amene amatengeka. Kumtsinje mudzapite ulendo wachiwiri.

Mukagwirizana malo, pezani wokutsogolerani. Apa ndiye ndichedwepo.

M'paki ya Liwonde ndi m'nkhalango ya Nkhotakota, zomwe a African Parks akhala akuziyang'anira kuyambira 2015, simungangofika ndi bwato lanu n'kuliponya m'madzi. Mumadzera kwa a paki kapena malo ogona alendo omwe ali ndi chilolezo, iwowo ndi amene amakupatsani mabwato ndi gaidi. Kunja kwa paki mumayamba mwaonekera kwa a mfumu kapena a komiti ya padoko, a BVC aja, akulozereni munthu yemwe madziwo anakulira momwemo. Musatengeke ndi mnyamata woyamba kukuthamangirani mukutsika minibasi ati "mabwana bwato lilipo". Mwina ndi katswiri, mwinanso bwatolo wangobwereka kwa malume ake m'mawa womwewo.

Muli pafoni musanatumize olo 1 kwacha, funsani zinthu izi ndipo musachite nazo manyazi. Mabwato alipo angati ndipo lililonse limanyamula anthu angati? Malaifu jaketi alipo okwanira mutu uliwonse, kuphatikizapo anthu athupi ndi ana? Magaidi akhala angati? Mvuu zimakonda pati masiku ano? Wodziwa ntchito funso lomalizali amayankha mosaganizira n'komwe, amakuuzani kuti pamalo akutiakuti pali gulu lili ndi kamwana ndiye timalambalala. Amene angoti "musadandaule bwana, kulibe vuto" ameneyo mutsanzikeni bwinobwino. Ife ulendo wina tinafika padoko anthu 11 titalonjezedwa kuti zonse zili m'malo, kupeza majekete 6 okha, ena zingwe zoduka, mkulu wake n'kumati enanu mungogwirana. Tinagawa gulu pawiri, ena m'mawa ena masana, tsiku linaonongeka ndithu ndipo anthu anandinyinyirikira njira yonse yobwerera, koma sindinong'oneza bondo. Paja mu May 2023 ku Nsanje mvuu inagubuduza bwato lomwe munali anthu 37 akuwoloka Shire, anthu ambiri anatsikira kulichete. Amenewo anali anthu ozolowera mtsinjewo, nanga ife a m'tauni?

Za nyengo n'zachidule. Pitani m'chilimwe, kuyambira May mpaka October. Nthawi ya dzinja mitsinje imadzadza mwadzidzidzi ngakhale pamene mulipo sipanagwe dontho, mvula ikagwa kumtunda madzi amabwera ndi zitsa ndi mitengo yomwe, mwezi wa March 2023 tonse tinaona zomwe Freddy anachita kuchigwa. June ndi July kumazizira komanso mwera umavuta, pamalo otambalala ngati Malombe kapena kunyanja umatha kukutembenuzani bwato. September ndi October madzi amakhala bwino koma dzuwa lake si la masewera makamaka ku Chikwawa. Mulimonsemo lowani m'madzi cha m'ma 7 m'mawa, ikamakwana 2 koloko mukhale mutatuluka. Madzulo mvuu zimayamba kusendera kumtunda kukadya msipu ndipo simukufuna kukumana nazo pa nthawi imeneyo. Ndiye ngati mukuchokera ku Blantyre kupita ku Liwonde, ndi maola awiri ndi kanthu, nyamukani kusanache kapena mukagone konko.

Tsopano ndalama, pomwe maubwenzi ambiri amathera. Werengerani thiransipoti, mabwato, gaidi, chakudya, ndi yolowera pageti ngati muli m'paki, ndipo aliyense atenge chiphaso chake cha unzika chifukwa mtengo wa Mmalawi ndi wotsika kusiyana ndi wa mlendo wakunja. Muonjezerepo kangachepe kapadera, tayala limaphulika. Sankhani msungichuma m'modzi, anthu atumize pa Airtel Money kapena Mpamba, ikani tsiku lotsekera ndipo likakwana latha basi. Aja a "ndilembeni ndikupatsani tikakumana pa depoti" ndi omwe amazimitsa foni Lachisanu usiku, inu mutalipira kale bwato lawo. Padoko tengani ndalama ya m'manja, netiweki kumadambo imabwera mwa apo ndi apo.

Chinthu china, funsani aliyense ngati amatha kusambira koma mufunseni kumbali, ku inbox. Pagulu aliyense amati amatha, makamaka azibambo. Wosatha kusambira sikuti atsale ayi, kungoti mumudziwe, mumuike bwato limodzi ndi gaidi ndipo jekete lake mulimange nokha.

Zonyamula musachulutse. Madzi akumwa malita awiri munthu aliyense, chipewa, malaya a manja aatali opepuka, kabudula kapena thirauzi louma msanga, jinzi ayi chifukwa ikanyowa imalemera ngati thumba la simenti. Azimayi chitenje tengani, chimathandiza kuphimba miyendo padzuwa komanso podutsa m'mudzi, koma mukakhala m'bwato musachikulunge mothina m'miyendo, valani kabudula kapena taiti mkati. Nsapato zikhale zomanga, patapata amatsalira m'matope. Foni ikani m'jumbo ziwiri, mumange, muiike m'kabotolo kapulasitiki kotseka bwino ngati kaja ka chiponde n'kukamangirira kubwato. Kamba wake ndi wosavuta, mbatata yophika, mazira, nthochi, mtedza, zitumbuwa. Mowa usiyeni m'galimoto mu kula bokosi, mudzaupeza pobwera. Pamenepa sindinyengerera munthu, amene wayamba kale kulawa m'minibasi amakhala pamtunda n'kumatilondera zikwama. Ndipo musananyamuke uzani munthu m'modzi wotsala padoko nthawi yomwe mubwerere, akhalenso ndi nambala ya polisi yapafupi.

Mwafika padoko. Jekete livalidwe muli pamtunda, mulimange mpaka wina akalikoka m'mapewa lisakwere kufika m'makutu. Pokwera ndi m'modzim'modzi, wina atagwira bwato, phazi pakati penipeni, thupi lowerama, manja m'mbali zonse ziwiri, kenako khalani pansi. Anthu ambiri amagwera pompa, madzi ofika m'mawondo, anzawo akujambula. Pabwato la anthu awiri wodziwa kapena wolemerako amakhala kumbuyo chifukwa ndiye amawongolera, wakutsogolo ntchito yake ndi kupalasa mofanana osathamanga komanso kuyang'ana zitsa. Wina akamapalasa kumanja mnzake apalase kumanzere, mukapalasa mbali imodzi muzingozungulira pamodzimodzi ngati galu wofuna kugona. Kayaki nkhafi yake ili ndi mapeto awiri, mumaviika uku ndi uku mosinthana, ndipo mphamvu izichokera m'chiuno ndi kumsana, mukadalira mikono yokha pakatha ola limodzi mwafooka. Mukafuna kuima, viikani nkhafi n'kukankhira madzi kutsogolo.

Yambani ndi kukwera mtsinje, kulimbana ndi madzi mphamvu zikadalipo, kuti pobwerera mutatopa madziwo azikukankhani okha. Gaidi patsogolo, wina wodziwa kumbuyo kwenikweni, ena nonse pakati mondondozana, motalikirana pang'ono koma poti mukakuwa mumvana. Palibe kupitirira gaidi. Palibe kuimirira kuti mujambule bwino, palibe kusinthana malo pakati pamadzi.

Mudzaona gaidi akugogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi, go go go, kenako n'kukhala chete akuyang'ana kutsogolo. Sakusewera, akudziwitsa mvuu kuti kukubwera anthu, zivuuke aone pomwe zili. Mvuu ikadzidzimuka imathawira kumadzi akuya, ndiye inu malo anu ndi osaya, m'mphepete, ndipo musadutse pakati pa mvuu ndi kuya kwake. Yokhala ndi mwana komanso yamphongo yoyenda yokha ndi zomwe amaziopa kwambiri. Akati tidikire, dikirani, akati tibwerere, bwererani olo mutalipira tsiku lonse. Tsiku lina tinakhala mphindi ngati 15 titakanirira m'bango, mvuu ikungotulutsa timakutu n'kumira, n'kutulukiranso pena, mtsikana wina m'bwato mwathu akupemphera chamumtima milomo ikungogwedera, m'dala wotitsogolerayo ali phee akutafuna kaudzu. Kenako anangoti "tiyeni, yapita", ife osaona n'komwe kuti waonera chiyani. Za ng'ona lamulo ndi limodzi, dzanja ndi phazi zisalendewere m'madzi, ndipo popuma gaidi ndiye asankhe potsikira. Kusamba mumtsinje iwalani.

Mukazolowera mantha aja amatha ndipo mumayamba kuona zinthu. Nkhwazi ili pamwamba pa mtengo kulira mutu utapendekera kumbuyo, akakowa ali ndandanda m'mphepete, ku Liwonde mwina njovu zikumwa tsidya lina pansi pa migwalangwa. Bwato lopanda injini ubwino wake ndi umenewu, mumamva chilichonse, ndiye sipika ya bluetooth ija isiyeni kunyumba chonde.

Kumbukiraninso kuti mtsinjewo ndi munda wa anthu ena. Mukaona timitengo tozikika kapena tizigubu tikuyandama, pali ukonde kapena mono wa munthu, lambalalani. Mukamayandikira doko losambira kuwani "kumadziko!" n'kudikira akuyankheni, ndipo kamera pansi. Asodzi apatseni moni, ngati ali ndi chambo kapena mlamba gulani osanenerera mpaka kuwamvetsa chisoni, nthawi zambiri iwowa ndi amene amakuuzani kuti kutsogoloko mvuu zasamukira mbali iti. Majumbo ndi mabotolo anu abwerere nanu.

Nanga bwato likagubuduzika? Jekete likuyandamitsani, ndiye chachikulu ndi kusaphiriphitha. Gwirani bwato, musalisiye kuti muthamangire chipewa kapena foni, ndipo ngati madzi akuthamanga khalani mbali ya bwatolo yomwe madzi akuchokera kuti lisakupanikizeni pa mwala kapena pachitsa. Ena nonse musaunjikane pamalo amodzi n'kuweramira mbali imodzi, mugubuduka nanunso, wopulumutsa ndi gaidi, inu mutole nkhafi zomwe zikupita ndi madzi. Munthu akatuluka avale zouma msanga, n'chifukwa chake zovala zosinthira zimatsala m'galimoto.

Mukafika kumtunda werenganani, bwezani majekete ndi nkhafi zonse, ndipo ka "zikomo" ka gaidi mumupatse m'manja mwake, osadzera kwa bwana wake. Chotsala ndi likodzo. Madzi odekha a m'bango muja mumakhala nkhono zomwe zimafalitsa tizilombo take, ndipo timalowa pakhungu olo munangoviika miyendo pokwera bwato. Sizioneka tsiku lomwelo, ndiye pakatha masabata 6 mpaka 8 pitani kuchipatala mukawauze kuti munali m'madzi a mumtsinje, akakuyezeni, mankhwala ake ndi praziquantel ndipo amapereka molingana ndi kulemera kwa thupi lanu. Msungichuma uja alembe tsikulo pagulu lija la WhatsApp musanalitseke, chifukwa zithunzi zikangotumizidwa aliyense amaiwala.