Momwe mungatsogolere anzanu mukangokwezedwa kukhala kapitawo

Munthu akakwezedwa udindo m'mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba, kapena m'masitolo akuluakulu a ku Limbe, kawirikawiri amapatsidwa kuti ayang'anire anthu omwewo amene amadya nawo nsima ya masana. Kalata yokukwezani imakupatsani mphamvu, koma sinena mmene mungalankhulire ndi bambo amene anakuphunzitsani kuyendetsa makina mutangoyamba ntchito. Ulemu wa anthu otere umabwera iwo akaona kuti simukondera pa zinthu zimene zimakhudza thumba lawo ndi mabanja awo.

Choyamba, m'masabata oyambirira musafulumire kusintha zinthu. Kumanani ndi aliyense payekha, ndipo amene ndi aakulu kwa inu mupitirize kuwatchula kuti bambo kapena mayi monga kale, chifukwa kapitawo amene wayamba kuitana akuluakulu ndi maina awo oyamba tsiku lomwe wakwezedwa amadziwika msanga kuti udindo wamulowa m'mutu. Mungafunse motere: "Bambo, inu mwakhalitsa pano kuposa ine, kodi n'chiyani chimene chimatichedwetsa kwambiri pa shifiti yathu?" Lembani zimene mwamva, kenako sankhani chinthu chimodzi chimene mungathe kuchikonza mwezi usanathe, kaya ndi magolovesi amene anang'ambika kalekale kapena mpopi wa madzi akumwa umene unawonongeka. Musalonjeze zokweza malipiro, popeza mphamvu imeneyo si yanu.

Chachiwiri, konzani nkhani ya ndalama pakati pa inu ndi anthu anu. Ngati muli ndi ngongole kwa wina mwa iwo, bwezani mwamsanga, ndipo ngati munkakongoza anzanu ndalama za katapila, lekani. N'kovuta kudzudzula munthu amene mukumuzemba chifukwa cha ngongole. Chipereganyu mungathe kuchimaliza mpaka aliyense atalandira gawo lake, koma ine ndimaona kuti n'kwanzeru kusalowanso china ndi anthu amene mukuwayang'anira.

Chachitatu, phunzirani zimene lamulo limanena, popeza mafunso ambiri a ogwira ntchito amafika kwa kapitawo asanafike ku ofesi yoona za antchito. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000, lotchedwa Employment Act, limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo oonjezera pamenepo ndi ovataimu. Ovataimu ya tsiku wamba la ntchito imalipidwa malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, pamene ya tsiku lopuma kapena la holide imalipidwa kawiri. Wogwira ntchito masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka, ndipo wogwira masiku 5 ali ndi masiku 15. Mayi woyembekezera ali ndi ufulu wa tchuthi cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro ake onse. Werenganinso malamulo a kampani yanu, ndipo ngati pali bungwe la ogwira ntchito, dziwani nthumwi yake ndi zimene linagwirizana ndi mabwana.

Chachinayi, ndipo apa ndi pamene akapitawo ambiri amagwera, ikani poyera ndondomeko ya mashifiti, ovataimu ndi tchuthi. Imatidwe pakhoma pamene aliyense angaione, sabata isanayambe. Ovataimu ndi ndalama, choncho ikamangopita kwa anthu awiri omwewo, makamaka ngati ndi akwanu kapena a mpingo wanu, miseche imayamba ndipo ena amangogwira ntchito mwamwambo chabe. Igaweni mosinthana, ndipo wokana alembedwe kuti anakana. Tchuthi cha mwezi wa Disembala, pamene ambiri amafuna kupita kumudzi kukapalira ndi kukathira feteleza, chikambidwe miyezi ingapo nthawiyo isanafike kuti anthu agawane okha masikuwo.

Nkhani ya maliro ikufunika kusamala kwapadera. Munthu akaferedwa, musayambe ndi kufunsa kuti abwerako liti. Pepesani, muuzeni masiku amene malamulo a kampani amapereka, konzani womugwirira ntchito, ndipo ngati maliro ali pafupi, ku Ndirande, ku Chilomoni kapena ku Bangwe, kafikeniko nokha pamodzi ndi chipepeso cha anzake. Koma zimene mwachitira mmodzi muchitire onse. Mukapita ku maliro a kwa kalaliki n'kulephera kupita ku a kwa mlonda, anthu adzakumbukira kwa zaka zambiri.

Chachisanu, dzudzulani pambali ndipo tsatirani ndondomeko. Wina akamachedwa, yambani mwamva chifukwa chake, popeza amene amachokera ku Machinjiri kapena ku Chileka pa minibasi, nthawi ya mvula kapena mafuta akasowa, ali ndi vuto losiyana ndi la munthu amene amafika ali ndi matsire Lolemba lililonse. Woyambayo mwina angathandizidwe pomusinthira shifiti, pamene winayo afunika kuuzidwa mosapita m'mbali. Kukalipira munthu wamkulu pamaso pa anzake kumachititsa kuti gulu lonse limumvere chisoni ngakhale atalakwadi. Muitanireni mu ofesi, nenani cholakwacho ndi tsiku lake, mumve mbali yake, kenako mulembe zimene mwagwirizana. Zikapitirira, kalata ya chenjezo idzere ku ofesi yoona za antchito. Lamulo lomwe lija limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mwayi wodziteteza, ndipo nkhani ikafika ku Industrial Relations Court, bwalo lozenga milandu ya pantchito limene lili ndi nthambi muno mu Blantyre, wolemba ntchito ndiye amayenera kuonetsa kuti chifukwacho chinalipo. Mawu akuti "usabwerenso mawa" onenedwa mutapsa mtima angathe kuluzitsa kampani ndalama zambiri. Ena mwa anzanu akale adzakunenani kuti mwayamba matama, koma mutu ukakula sulewa nkhonya.

Chachisanu ndi chimodzi, khazikitsani kamsonkhano kakafupi kamodzi pa sabata. Kwathu kuno wamng'ono salimba mtima kutsutsa wamkulu pagulu, moti mukayamba ndinu kunena maganizo anu, mudzangomva kuti "zili bwino, bwana" ngakhale makina atatsala pang'ono kufa. Yambitsani achinyamata ndi amene angoyamba kumene, akuluakulu atsatire, inu mulankhule pomaliza. Madandaulo amene simungathe kuwathetsa muwapititse kwa mabwana, ndipo sabata yotsatira mubweze yankho ngakhale litakhala lokana. Pali nkhani zina zosayenera kukambidwa pagulu, makamaka za wantchito amene akuvutitsidwa ndi womufuna chibwenzi mokakamiza. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe limeneli pantchito, choncho dandaulo lotere mulimve mwachinsinsi, mulilembe tsiku lomwelo ndi kulipereka kwa amene kampani inawaika kuti aziona nkhani zotere, osayesa kuwayanjanitsa awiriwo panokha.