Maluwa obisala m'nthaka: kuwazindikira ndi kuwalima pakhomo kuno ku Salima

Mvula ya chizimalupsa ikangogwa, m'malupsa ndi m'mbali mwa madambo a kuno ku Salima mumatulukira maluwa pamalo pamene sabata yathayo panali phulusa lokhalokha. Ena ndi ofiira obulungira, ena oyera a mizere yofiirira, ndipo ambiri amatuluka opanda ndi tsamba lomwe. Maluwawa sachokera ku njere zogwa chaka chino ayi. Pansi pa nthaka pali anyezi kapena kambatata kamene kanasunga chakudya m'dzinja lapitalo, n'kugona chilimwe chonse kudikira chinyontho.

Wokonda maluwa a pakhomo akawaona, maganizo amathamangira ku khasu. Langizo langa ndi lakuti khasulo liyambe ladikira. Mbewu yokumbidwa ili pa maluwa imakhala itathera mphamvu zake m'duwalo, mizu imaduka, ndipo ikafika pakhomo imaola kapena kukhala zaka osachitanso maluwa. Njira yabwino ndi kuidziwa ili pamalo pake, kuikapo chizindikiro, n'kudzabwerera nthawi ya njere.

Ndiyambe ndakupulumutsirani ndalama. Maluwa a tulip ndi daffodil amene mumaona pa Facebook si a kuno. Anyezi wa tulip amafuna kuzizidwa milungu 12 kapena kuposerapo, kuzizira kwake kosapitirira madigiri 9, kuti achite maluwa. Ife tili m'chigwa cha nyanja, mamita pafupifupi 500 okha pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo ngakhale mwera wa mu Julayi sufika pamenepo. Komanso kulowetsa mbewu m'dziko muno kumafuna chilolezo cha unduna wa zaulimi. Amene mukungoyamba, phunzirirani pa Hippeastrum, maluwa aakulu ofiira aja a m'mipanda ya matchalitchi, ndi pa Zephyranthes, timaluwa tapinki kapena toyera totuluka mvula ikangokata. Onsewa kwawo ndi ku America, saopa kutentha, ndipo aneba anu akhoza kukupatsani ana ake.

Ndigwiritsa ntchito mayina a akatswiri a zomera, chifukwa mayina a kumudzi amasiyana mudzi ndi mudzi, ndipo dzina limodzi limatha kugwira zomera ziwiri zosiyana, china chodyedwa china chakupha.

Crinum ndiye amaonekera patali. Amene muli kufupi ndi mtsinje wa Linthipe kapena wa Lifidzi, yang'anani m'malo amene madzi amadikha m'dzinja n'kuuma m'chilimwe. Anyezi wake ndi wamkulu, wa khosi lalitali, ndipo masamba ndi aatali otambalala. Mtundu wa Crinum macowanii mumauzindikira ndi masamba opindikapindika m'mphepete, maluwa oyera olendewera a mzere wapinki pakati, fungo lokoma madzulo, ndi timitu takuda kunsonga kwa tizingwe ta m'kati mwa duwa. Alipo ma Crinum ena a timasamba ta duwa topyapyala totambasuka, choncho musangoti aliyense woyera ndi macowanii. Mukang'amba khungu louma la anyezi wa Crinum mumaona ulusi wonyololoka, ndipo fungo la anyezi wodya palibe. Zizindikiro ziwirizi muwaphunzitse ana kuti asamusokoneze ndi anyezi wodya.

Scadoxus multiflorus ndi uja wobulungira wofiira, wa timaluwa tambirimbiri pamutu umodzi, wotuluka kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala. Kutsinde kwa phesi lake kumakhala madontho ofiirira. Amakonda mthunzi ndi nthaka ya zinyalala zoolerana, monga pansi pa mitengo kapena m'mbali mwa chulu. Apa alimi a kuno muchenjere ndi msangu. Mtengo umenewu umayoyola masamba m'dzinja, n'chifukwa chake chimanga chimachita bwino pansi pake, koma Scadoxus amafuna mthunzi nthawi yomweyo imene msangu uli mbee. Mubzaleni cham'mphepete mwa mthunzi wa mango kapena kum'mawa kwa nyumba, kumene dzuwa lamasana silifika.

Tsopano Gloriosa superba, duwa la fuko la Zimbabwe, limene limameranso lokha m'nthaka ya mchenga ya m'mbali mwa nyanja yathu. Silisokoneza: limayanga, nsonga ya tsamba lililonse imapotana n'kugwira udzu kapena nthambi, ndipo timasamba 6 ta duwa, tofiira ndi chikasu, timapindikira m'mwamba. Pansi pake si anyezi koma kambatata koyera kotalika ngati chala, kawirikawiri kogawikana pawiri. Diso lophukira limakhala kunsonga kokha, ndipo kambatatako n'kosachedwa kuthyoka. Diso likangovulala, basi, sikameranso.

Pa Gloriosa ndiimepo pang'ono. Mbewu yonse ili ndi poizoni wotchedwa colchicine, makamaka kambatata ndi njere. Kumaiko ena anthu afa chifukwa chokasokoneza ndi mbatata kapena chilazi. Wodya amayamba kumva kutentha m'kamwa, kusanza ndi kutsegula m'mimba patangopita maola ochepa. Choopsa n'chakuti amatha kuoneka ngati wapeza bwino, pamene poizoni akuononga impso, chiwindi ndi magazi, n'kudzagwa patapita masiku. Mwana kapena wamkulu akadya, musadikire kuti muone m'mene zikhalire, ndipo musatayire nthawi pa mkaka kapena mankhwala azitsamba. Thamangirani naye kuchipatala, mutanyamula chidutswa cha mbewuyo kuti madokotala aone. Musaibzale m'munda wa mbatata, wa chinangwa kapena m'dimba la ndiwo. Ngati pakhomo pali ana aang'ono okonda kufukula, ine ndingati idikireni kaye akule.

Boophone disticha amapezeka m'malo ouma a miyala, chakumtunda. Theka la anyezi wake limakhala pamtunda, lokutidwa ndi makungu ouma ambirimbiri amene amamuteteza ku moto. Amachita maluwa apinki kapena ofiira tchire likangopsa, masamba asanatuluke, ndipo masambawo akabwera amayalana mbali ziwiri zokha, mondondozana. Naye ndi wa poizoni woti amapha ng'ombe, ndipo kukhala pafupi ndi maluwa ake nthawi yaitali kumapweteketsa mutu ndi maso. Amakula mochedwa kwambiri, moti anyezi wamkulu amene mungamuone kutchire akhoza kukhala wa zaka zambiri kuposa ana anu. Ameneyu ndiye wosayenera kukumbidwa n'komwe.

Gladiolus dalenii savuta. Masamba ake ndi oongoka osongoka, maluwa achikasu kapena ofiirira ondondozana paphesi, pakati pa dzinja. Chapansi chake n'cholimba chopanda magawo, chokutidwa ndi ulusi, ndipo chaka chilichonse chimabereka china pamwamba pake ndi tiana tambiri m'mbali. Ndi mmodzi mwa makolo a ma gladiolus ogulitsidwa m'masitolo a maluwa padziko lonse.

Ma orchid a pansi, aja amene timbatata take amapangira chakudya chotchedwa chinaka kumpoto, asiyeni. Moyo wawo umadalira bowa wosaoneka ndi maso wa m'nthaka ya pamalo pomwepo, moti mukawasamutsa ambiri amafa. Ma orchid onse ali pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zomera ndi nyama pakati pa maiko.

Kuzindikira kumafuna duwa. Anyezi yekha, ngakhale katswiri amavutika naye. Mukapeza mbewu ili pa maluwa, jambulani ndi foni duwa chakutsogolo ndi cham'mbali, tsamba, tsinde pamene latulukira m'nthaka, ndi mbewu yonse pamodzi ndi malo ake. Ikani bokosi la machesi pambali kuti kukula kudziwike. Lembani m'kope tsiku, mudzi, mtundu wa nthaka, ngati pali mthunzi kapena padzuwa, ngati panapsa, ndi dzina limene akuluakulu a m'mudzimo amaitchula. Mudzabwerenso kudzajambula masamba ndi zipatso, poti zambiri sizionetsa zonse nthawi imodzi. Zithunzizi mungaziike pa tsamba la pa intaneti lozindikiritsa zachilengedwe la iNaturalist kapena kuzitumiza ku National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, bungwe lokhazikitsidwa mu 1987, limene likulu lake lili ku Zomba ndipo lili ndi minda ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Mapulogalamu a pafoni ongotchula dzina pompopompo musawakhulupirire kwambiri. Amadziwa bwino maluwa a ku Ulaya kuposa athu.

Chizindikiro cha pamalopo chisakhale chikhomo cha mtengo. Chiswe ndi moto zidzachimaliza. Unjikani miyala kapena ikani njerwa yopaka laimu.

M'nkhalango ya Thuma ndi m'malo osungira nyama a Kuti ndi a Nkhotakota musatengemo kanthu, ngakhale njere, popanda chilolezo. Lamulo la nkhalango la 1997 ndi lamulo la malo osungira nyama zakutchire zimaletsa. Kumalo a mudzi, pemphani kwa mwini munda ndi kwa amfumu. Nthawi imodzi imene ndimavomereza kukumba ndi pamene malowo akuswedwa mphanje, akulambulidwa msewu kapena akuumbidwa njerwa, poti mbewuyo ifa ndithu. Zikatero kumbani motalikira, mutenge ndi dothi lake, mizu isaduke.

Njere za Crinum, Scadoxus ndi Boophone sizisungika, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa. Ndi zanyama, zamadzi, ndipo zikauma zafa. Za Crinum ndi zikuluzikulu zosaumbika bwino, ndipo zimayamba kumera zili pamtunda, nthawi zina zikadali m'chipatso. Zitoleni chipatso chikayamba kung'ambika, muzifese sabata yomweyo. Musazikwirire. Ingozidinikizani pa mchenga wosakaniza ndi manyowa, theka lili pamtunda, pamthunzi. Za Scadoxus dikirani zipatso zifiire ndi kufewa, chotsani mnofu, sambani m'manja, n'kufesa chimodzimodzi. Njere za Gloriosa ndi Gladiolus zokha ndizo mungaumitse n'kusunga mpaka mvula yotsatira. Pa mbewu iliyonse tengani zochepa, zambiri zitsale pamalopo.

Kudekha kumafunika. Gladiolus amachita maluwa m'chaka chachiwiri kapena chachitatu, Scadoxus ndi Gloriosa chachitatu kapena chachinayi, Crinum zaka 3 mpaka 5. Boophone amatha kufika zaka 10.

Nthaka ya kuno ili pawiri: mchenga wa kunyanja wosasunga madzi ndi chakudya, ndi makande amene amamata m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Crinum yekha ndiye amapirira makande. Ena onse akonzereni bedi lokwera masentimita 20 mpaka 30, losakaniza ndowa imodzi ya dothi lapamwamba, imodzi ya mchenga wokhakhala wa kumtsinje ndi imodzi ya manyowa oolerana bwino. Ndowe zaziwisi ndi zitosi za nkhuku zosaola zimaoletsa anyezi. Urea musathire, chifukwa amangochulukitsa masamba ndi kufewetsa anyezi. Ngati mukufuna feteleza, kasupuni kamodzi ka D Compound pa phando masamba akatuluka n'kokwanira, ndipo kasakhudze anyeziyo. Obzala m'ziwiya, mphika wadothi woboola pansi umaposa chigubu chakuda cha pulasitiki, chimene dzuwa la mu Okutobala limachitenthetsa mpaka mizu kupsa. Pabowopo ikani phale.

Kuya kwake kumasiyana. Crinum khosi lionekere pamtunda. Boophone theka likhale kunja monga amakhalira kutchire. Scadoxus nsonga ingobisika pang'ono. Gladiolus alowe masentimita 10. Gloriosa mugoneke chogona pa masentimita 5 mpaka 8, ndipo mtengo woyangapo muuzike musanabzale kuti musadzabaye kambatata. Nthawi yobzala ndi Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, zisanadzuke.

Chimene chimapha maluwa amenewa m'makomo ambiri si chilala koma chifundo. Masamba akayamba chikasu mu Epulo kapena Meyi, mwini amaganiza kuti mbewu yadwala, n'kuyamba kuithirira m'mawa ndi madzulo. Imeneyo ikugona. Lekani madzi, ndipo masamba musawadule mpaka atauma okha, chifukwa chakudya chake chikutsikira pansi. Choncho musasakanize maluwawa ndi kapinga kapena maluwa ena ofuna madzi chaka chonse, ndipo bedi litalikirane ndi pamene mumatayira madzi otsukira mbale. Crinum, Scadoxus ndi Boophone ali ndi mizu yanyama yokhalitsa ndipo sakonda kusunthidwa, choncho asiyeni pamalo amodzi zaka zambiri. Ana ake muwapatule m'chilimwe akakula, pabalapo n'kuwazapo phulusa.

Mdani wamkulu wa Crinum, Hippeastrum ndi Zephyranthes ndi mbozi yakuda ya madontho achikasu ndi oyera, yochokera ku gulugufe wa usiku wotchedwa Brithys crini. Imayamba kudya m'kati mwa tsamba, tsambalo n'kuoneka loyezuka, kenaka imatsikira m'khosi mpaka kulowa mu anyezi. Ikalowa m'menemo mankhwala opopera saipezanso. M'dzinja yenderani bedi kawiri pa sabata, tembenuzani masamba, phwanyani mazira oikidwa m'magulu kunsi kwake, ndipo tsamba lolowedwa mulidule n'kulitentha. Nunkhadala ndi nkhono muzitole ndi manja m'mamawa. Gladiolus amadyedwa ndi mfuko, choncho kumene mfuko zavuta mubzaleni m'dengu la waya wa nkhuku lokwiriridwa m'nthaka. Mbuzi zikamasulidwa anthu akakolola, mpanda ukhale utamangidwa kale.

Gladiolus ndi Gloriosa mukhoza kuzifukula mu Juni ngati bedi lanu limalowa madzi kapena mukufuna kugawa. Gloriosa fukulani ndi manja, osati khasu, mutavala magolovesi kapena majumbo. Ziumitseni pamthunzi masiku angapo, muziike mumphika wa mchenga wouma, mulembepo dzina ndi mawu akuti poizoni. Mphikawo usakhale m'khitchini, m'nkhokwe kapena pamene mumasungira mbatata ndi anyezi wodya, ndipo aliyense wophika pakhomopo auzidwe chimene chili m'menemo.