Boma la America likatseka, masiku a mapepala anu satseka nawo

Abale anga muli ku America, kaya ku South Bend, ku Seattle, ku Dallas kapena kufupi ndi Washington, mawu akuti shutdown akamveka pa nkhani, musathamangire kukafunsa pa gulu la WhatsApp. Kumeneko n'kumene anthu akupwetekera.

Chaka cha ndalama cha boma la feduro chimayamba pa 1 October. Aphungu a Congress akapanda kuvomereza bajeti, kapena lamulo longokankhirako masabata angapo, nthambi zimene zimadalira ndalamayo zimaimitsa ntchito zina. Antchito ena amauzidwa kuti akhale pakhomo, ena amagwirabe koma osalandira. Zinatenga masiku 16 mu 2013, masiku 35 kuchokera mu December 2018 kufika mu January 2019, ndiye masiku 43 kuyambira pa 1 October mpaka pa 12 November 2025. Koma si boma lonse limene limatseka. Makalata amayendabe, Social Security (ndalama za opuma pantchito) ndi Medicare (inshuwalansi ya chipatala ya okalamba) amalipirabe, tsiku lopereka msonkho silisuntha. Ofesi ya kazembe wathu ku Washington ndi ya boma la Malawi, nkhaniyi siikhudza. USCIS, nthambi yoona za mapepala a imigireshoni, nayo imayendera ndalama zimene inu mumalipira pa mafomu, choncho imalandirabe makalata, imadindabe zala, imaitanabe anthu ku intavyu. Mukaitanidwa, pitani.

Apa m'pamene dobadoba amadyera. Mumamudziwa: kaofesi kuseri kwa shopu yotumizira ndalama, tebulo, printa, mbendera pakhoma, munthu wolankhula mofatsa ngati mkulu wampingo. Mwabwera kudzakonzetsanso khadi yogwirira ntchito, iye n'kukuuzani kuti, "Achemwali, boma latseka, tikatumiza pano envelopu ikangogona pa shelefu. Siyani ndalama, akatsegula nditumiza." Walandira kashi, risiti palibe, mafomu waponya m'dirowa. Inu mukupita kwanu mtima uli m'malo, pomwe tsiku lolembedwa pa khadi lija likuyandikira.

Onani zimene bodza limeneli linachita mu 2025. Boma lidakali chotsekera, pa 30 October, lamulo linasintha. Kale, anthu a m'magulu ambiri akatumiza fomu I-765 yopemphera khadi yogwirira ntchito, khadi yakale isanathe, chilolezo chinkapitirira chokha mpaka masiku 540 podikira yatsopano. Kwa amene anatumiza kuyambira tsiku limenelo, mwayi uja unachotsedwa. Ndiye amene anamvera zoti adikire boma litsegule anatumiza mu November, khadi n'kutha, abwana n'kumuchotsa pa ndandanda wa ntchito chifukwa lamulo silimulola kumusunga. Lendi ikufunika, ana kumudzi akudikira fizi, dobadoba foni sakuyankha. Zimandipweteka kwambiri chifukwa fomuyo imaloledwa kutumiza kukadali masiku 180 khadi isanathe. Miyezi isanu ndi umodzi yathunthu, achimwene. Mukudikira chiyani?

Wina amabwera ndi nyimbo ina: akuti ali ndi munthu wake mkati amene angakankhe fayilo ngakhale boma latseka, bola muwonjezere kangachepe. Palibe munthu wotero. Amene ali ndi chilolezo chokuimirani pa nkhani za imigireshoni ndi loya wolembetsedwa mu state, kapena nthumwi yovomerezedwa ndi Department of Justice, ndipo amasayina fomu G-28. Wokana kulemba dzina lake pa fomu, musiyeni. Musasayine pepala lopanda kanthu. Tengani kope la chilichonse chimene chatumizidwa m'dzina lanu. Umboni woti fomu yafika ndi kalata I-797C, yokhala ndi nambala ya zilembo zitatu ndi manambala khumi, imene mungaifufuze nokha pa tsamba la USCIS. Patapita masabata angapo kalatayo osaoneka, musamvere zoti "ndi shutdown". Funsani umboni wa ku positi tsiku lomwelo.

Khoti la imigireshoni ndi nkhani ina, ndipo apa ndikupempha mumvetsetse. Makhoti amenewa ali pansi pa Department of Justice, amadalira bajeti. Mu 2018 ndi 2019 milandu ya anthu amene sanali m'ndende inaimitsidwa, zikwizikwi, ina n'kukankhidwira zaka kutsogolo. Anthu amakumbukira zimenezo n'kumauzana kuti kukhoti kulibe. Zimene zinachitika chaka china sizikumasulani chaka chino. Imbani 1-800-898-7180, lowetsani A-number yanu (nambala ya fayilo yanu ya imigireshoni), mumve tsiku. Ngati mulibe kalata yosonyeza kuti mlandu wasunthidwa, valani mupite, ngakhale mukapeze chitseko chokhoma. Mukatero jambulani chikwangwanicho pa foni. Mukajomba khoti lili lotsegula, woweruza angathe kulamula kuti mubwezedwe kwanu inu kulibe, ndipo kutsegulanso mlandu wotero ndi ntchito yodula. Mwasamuka nyumba? Khoti liuzeni pa fomu EOIR-33 pasanathe masiku asanu, USCIS pa AR-11 pasanathe masiku khumi. Kalata ya tsiku latsopano imapita ku adiresi imene ali nayo.

E-Verify, makina a pa intaneti amene olemba ntchito amafufuzirapo ngati muli ndi chilolezo chogwirira ntchito, imatha kuzima boma likatseka. Olemba ntchito amadzazabe I-9, fomu yotsimikizira chilolezocho, ndipo saloledwa kukuchotsani chifukwa choti makinawo sakuyankha. Amene muli pa viza ya ntchito ya H-1B, dziwani kuti Department of Labor inaimitsa mapepala ake mu 2013 ndi mu 2025. Kumbutsani loya wa kampani mu August, osati pa 30 September.

Tsopano za m'thumba. Wolembedwa ndi boma la feduro mwachindunji amadzalandira malipiro ake onse boma likatsegula, lamulo la 2019 limatero. Koma wokolopa, wolondera kapena wophika m'nyumba za boma kudzera mu kampani ya kontirakiti, lamulo limenelo silimuwerengera. Masiku amene wakhala pakhomo apita. Ngati muli m'gulu limeneli ndipo muli ndi chilolezo chogwirira ntchito, lembetsani unemployment (thandizo la ndalama kwa amene ntchito yaima) ku state yanu sabata yoyamba. Mwini nyumba mulembereni kalata tsiku la lendi lisanafike, osati litadutsa. Akumudzi auzeni msanga kuti mwezi uno zichepa, m'malo mokatenga ngongole za katapila za payday zimene chiwongoladzanja chake chimaposa ngongoleyo mukachedwa.

Thandizo la chakudya la SNAP, limene anthu pafupifupi 42 miliyoni amadalira, silinalowe pa makhadi pa 1 November 2025, nkhani mpaka inakafika kumakhoti. Mu January 2019 zinali zosiyana: ndalama ya February inalowa msanga, anthu n'kuyesa bonasi, n'kudya, kenako n'kukhala masabata ambiri khadi ili mbee. Ikalowa tsiku lachilendo, si yowonjezera. Zikathina imbani 211, akuuzani kumene kukugawidwa chakudya m'dera lanu, komanso za thandizo lotenthetsera nyumba, limene nalo linachedwa dzinja likulowa.

Koma ine chimene ndimaopa kwambiri ndi bajeti ya state, chifukwa imaluma mwakachetechete. Mu November 2025 anthu a ku Virginia analandirako chakudya kuchokera m'thumba la state yawo, pomwe ena kwina ankangodikira. Ma state 46 amayamba chaka cha ndalama pa 1 July. New York pa 1 April, Texas pa 1 September, Michigan ndi Alabama pa 1 October. Pafupifupi onse malamulo awo sawalola kupanga bajeti yoposa ndalama zimene akuyembekeza kupeza, choncho zikachepa amadula. Ambiri a ife timagwira ntchito yosamalira okalamba ndi olumala, ndipo malipiro amenewo amachokera ku Medicaid, inshuwalansi ya chipatala ya opeza zochepa, imene state ndi feduro amasonkherana. State ikachedwa kulipira kampani kapena ikadula maola ovomerezeka a kasitomala, inu mumangoona mashifiti akuchepa, popanda wokuuzani chifukwa. Ku Illinois anakhala zaka ziwiri, 2015 mpaka 2017, opanda bajeti yathunthu, mabungwe osamalira anthu n'kumachotsa antchito. Ku Minnesota boma la state linatseka pafupifupi masabata atatu mu July 2011. Ku Pennsylvania mu 2025 bajeti inachedwa kuyambira July mpaka November, masukulu ndi makhonsolo ena n'kumakongola ndalama kuti ayendetse ntchito.

Choncho musamangirire maola anu onse pa kampani imodzi. Funsani abwana mosapita m'mbali ngati makasitomala awo ali a Medicaid kapena olipira okha. Sungani timesheet iliyonse. Malipiro a maola amene mwagwira kale ndi anu, kaya state yalipira kampaniyo kaya ayi, ndipo ofesi ya zantchito ya state imalandira madandaulo otero kwaulere. Inshuwalansi ya chipatala imene state imapereka kwa anthu opanda mapepala okwanira musaiyese yamuyaya: Illinois inathetsa ya anthu a zaka 42 mpaka 64 pa 1 July 2025. Ngati muli pa pulogalamu yotere, mano, maso, shuga ndi BP pimitsiranitu bajeti yatsopano isanayambe, ndipo kalata iliyonse yochokera ku state muitsegule tsiku lomwe yafika.

Wopita kumudzi nthawi yotere, samalani ndi tikiti. Mu November 2025 FAA, nthambi yoona za maulendo a ndege, inalamula kuti ndege zam'dziko zichepetsedwe m'mabwalo 40, popeza antchito a pansi olondolera ndege ankagwira osalipidwa. Ndege ya ku Addis Ababa ikhoza kunyamuka pa nthawi yake ku Dulles inu mutatsakamira ku Chicago. Gulani ulendo wonse mpaka ku Lilongwe kapena ku Blantyre pa tikiti imodzi, ndipo ngati n'kotheka kagoneni mumzinda wonyamukirawo dzulo lake.