Momwe mungachokere pa hockey ya padziwe n'kuyamba kusewera m'bwalo la mkati

Ambiri mwa ife amene tinaidziwa hockey, masewero a ndodo oterera pa ayezi, titakula kale, kuno ku Canada, tinayambira padziwe limene madzi ake aundana. Kumeneko kulibe woyimbira, kulibe mizere, nsapato ziwiri zoikidwa pa ayezi ndiye golo. Aliyense amene anamenyapo chikulunga pabwalo lafumbi sachedwa kuzolowera. Vuto ndi lakuti nyengo yake ndi yaifupi. Bungwe la Canadian Red Cross limati ayezi azikhala wokhuthala masentimita 20 kuti gulu la anthu lisewererepo, ndipo zaka zina masiku otere amakhala owerengeka. Ku Ottawa, njira yotererapo ya Rideau Canal sinatsegulidwe n'komwe m'chisanu cha 2022 mpaka 2023. Choncho mukaikonda hockey, tsiku lina mudzalowa m'bwalo la mkati, ndipo ndi bwino kulowamo mukudziwa zimene zikukudikirani.

Choyamba, sankhani nthawi yoyenera msinkhu wanu. Pa ndandanda ya mabwalo a mzinda mudzaona mawu akuti shinny, drop-in kapena pickup. Onsewa akunena masewero ongosangalala, opanda ligi, oti aliyense amabwera yekha n'kupeza timu pomwepo. Palinso stick and puck, nthawi yongoyeserera popanda kupikisana. Yambani ndi imeneyi kawiri kapena katatu. Kenako funsani ku ofesi ya bwalolo kuti ongoyamba kumene amasewera liti, chifukwa magulu ena amadzaza ndi anthu amene anayamba hockey ali ndi zaka zisanu. Malo ambiri amachepetsa chiwerengero cha osewera, ndiye lembetsani msanga.

Chachiwiri ndi zida, ndipo apa musaumire. Padziwe pali lamulo lodziwika kwa onse lakuti puck isanyamuke pa ayezi, n'chifukwa chake anthu amasewera atavala jekete ndi chipewa chaubweya basi. Mkati, kachimbale ka mphira kameneka, kolemera pafupifupi magalamu 170, kamauluka kufika pankhope. Mufunika helemeti yokhala ndi chizindikiro cha CSA, bungwe loona za miyezo ya chitetezo ku Canada, ndipo ine ndimalimbikitsa kuti ikhale ndi chitsulo chotchinga nkhope yonse, ngakhale muone ena akusewera nkhope ili pamtunda. Mufunikanso magolovesi a hockey, zotchinga msongolo ndi mawondo, zotchinga zigongono, kabudula wokhuthala ndi chotetezera kumaliseche. Chotchinga khosi musachisiye. Chichitikireni imfa ya wosewera hockey Adam Johnson, amene anachekedwa pakhosi ndi mpeni wa kunsi kwa nsapato yotererera pa masewero a ku Sheffield mu 2023, osewera ambiri anayamba kuchivala. Zambiri mwa zidazi mungagule zakaunjika m'masitolo monga Play It Again Sports, koma helemeti gulani yatsopano, poti yakale simudziwa kuti inagundidwa kangati. Ikaninso majezi awiri m'chikwama, yoyera ndi yakuda. Yotuwa kapena yachikasu imasokoneza anzanu, sadziwa kuti muli mbali iti.

Chachitatu, kanoletseni mipeni ya nsapato zanu. Ayezi wa padziwe amakhala ndi mchenga, masamba ndi ming'alu, ndipo amabunthitsa mpeni msanga. Wa mkati amasalazidwa ndi makina a Zamboni, ndipo mpeni wobuntha umangopsereza pamenepo osagwira. Wonola akakufunsani muyezo wa kangalande ka kunsi kwa mpeniwo (hollow), muuzeni theka la inchi, ndipo ambiri amayambira pomwepo. Musapondenso simenti mutavala nsapatozi; yendani pamphasa za mphira zokha. Ndipo musalowe pa ayezi mpaka Zamboni itatuluka ndipo zitseko zake zatsekedwa.

Chachinayi, phunzirani kuima. Padziwe munthu akalephera kuima amakagwera m'chipale chofewa cha m'mphepete n'kudzuka akuseka. Bwalo la mkati, lomwe kuno limatalika mamita 61 ndipo m'lifupi ndi mamita 26, lazingidwa ndi mpanda wolimba wopitirira pang'ono mita imodzi, pamwamba pake pali galasi. Yesererani kuima mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere, komanso kuyenda chafutambuyo. Pothamangira puck imene ili kumpanda, musalunjike mutu patsogolo. Fikani chammbali, mutu uli mmwamba. Kugundana mwadala n'koletsedwa m'masewero amenewa, ndipo kukankha mnzanu kumsana ali pafupi ndi mpanda ndi chinthu chimene chingamulumalitse. Mukauzolowera, mpandawo umasanduka mnzanu: mumamenyetsapo puck kuti idumphe mdani n'kukafika kwa wa timu yanu.

Chachisanu ndi kusinthana, chomwe ndi chachikulu kuposa zonse, ndipo n'chimene chimavuta kwambiri anthu ochokera padziwe. Kumeneko timasewera mpaka zala zitachita dzanzi, palibe wodikira. Mkati muli benchi, ndipo pabenchipo pakhala anthu amene alipira ndalama yofanana ndi yanu, pa ola limodzi lomwelo. Akatswiri a NHL, ligi yaikulu ya hockey ku Canada ndi ku America, amatha masekondi pafupifupi 45 okha asanasinthane. Pa shinny, mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri ndi zokwanira. Thamangani ndi mphamvu zonse, ndipo mukamva miyendo ikulemera, kwezani ndodo, lunjikani kubenchi, tchulani malo amene mukusiya kuti wolowa adziwe kokaima. Tulukani pamene puck ili kudera la adani, osati pamene iwo akukhamukira kugolo lanu. Ndinaonapo anthu aluso ndithu akunyansidwa nawo chifukwa chokakamira pa ayezi mphindi zisanu, pomwe wophunzira amene amasinthana msanga amalandiridwa ndi manja awiri sabata iliyonse. Zomwezo ndi puck. Luso lozembetsa anthu atatu limene munalipeza padziwe ndi labwino, koma kuno muli asanu mbali iliyonse, ndipo wosapatsira amatsala yekha.

Mizere siyovuta. Puck iyenera kuwoloka mzere wabuluu wa adani inu musanawoloke, apo ayi ndi ofusayidi. Poti woyimbira palibe, osewera amakuwa okha, inu n'kubwerera popanda kukangana. Posankha matimu, ena amaunjika ndodo pakati pa bwalo, mmodzi n'kuziponya uku ndi uku. Komwe yagwera yanu, timu yanu ndi imeneyo.

Goloboyi mumusamale ngati dzira, chifukwa amasowa, ndipo popanda iye masewerowo sakoma. Potenthetsa thupi musamuwombere kumutu. Akaphimba puck ndi golovesi, siyani kujompha ndi ndodo, bwererani kuti timu yake iyambe. Mukagoletsa, bwererani kudera lanu. Pomaliza kamuthokozeni, ngakhale wa timu inayo.

Mukafika kunyumba, pukutani mipeni ndi kansalu kuti isachite dzimbiri, tulutsani zida zonse m'chikwama muziyanike usiku womwewo. Ngati mungathe, sungani nsapato zakale kuti zikhale za padziwe, zonoledwa bwinozo zikhale za mkati, poti Januwale akafika n'kuzizira bwino mudzafunabe kubwerera kudziwe kuja.